Khoswe Wakhala pa Mkhate: Za Nambala Zobisika pa Lamya

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa achemwali anga amene amakhala m'dera lina mu mzinda wa Zomba muno. Usiku woyamba, cha m'ma 11 koloko, lamya yawo ya m'manja inalira. Anaiyang'ana, nkhope inagwa, naitembenuza chafufumimba pa mphasa. Inaliranso, osaigwira. Kachitatu ndinaitola ine, poganiza kuti mwina ndi uthenga wa matenda wochokera kumudzi. Pamalo poyenera kuoneka nambala panangolembedwa mawu a Chingerezi osonyeza kuti woyimbayo wabisa nambala yake. Nditayankha, mbali inayo kunali zii, kumangomveka kupuma kwa munthu. Kenaka anadula.

M'mawa mwake ndi pamene achemwali anandimasulira mtolo wonse. Munthuyo anali atakhala akuwavutitsa kwa miyezi iwiri. Masiku ena amangokhala chete monga anachitira kwa ine, masiku ena amalankhula zolaula zimene sindingazilembe m'magazini ino. Koma chimene chinawaopsa kwambiri si zotukwanazo ayi. Tsiku lina munthuyo anawauza mtundu wa chitenje chimene anavala masana ake, ndi nthawi imene anatsekera benchi lawo ku msika. Tangoganizani, owerenga anzanga, kuti munthu amene simukumudziwa akukuonani tsiku ndi tsiku, mwina amakupatsaninso moni, mwina amagula kwa inu, ndipo usiku akulowa m'nyumba mwanu kudzera pa lamya.

Ndinawafunsa funso limene aliyense amafunsa: bwanji osangosintha nambala? Anandiyang'ana ngati mwana amene sanaonepo dzuwa la pa msika. Achemwali amagulitsa kaunjika, ndipo nambala imeneyo ndiyo shopu yawo yeniyeni. Makasitomala a ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Sadzi amayimba pomwepo kufunsa ngati belo latsopano latsegulidwa. Amene ali ndi ngongole amatumiza ndalama pa nambala yomweyo. Alamu anga ali ku Johannesburg, ndipo amayimba nthawi iliyonse imene apeza mpata, kawirikawiri usiku, nthawi zina pa lamya yobwereka. Tsono kuthimitsa lamya usiku sikungatheke, ndipo kusintha nambala kuli ngati kugwetsa nyumba yako chifukwa mwalowa njoka.

Tinapita limodzi kukadandaula. Ku kampani ya lamya anatilandira bwino ndithu, koma anati sangatipatse dzina kapena nambala ya munthu wina popanda kalata ya apolisi. Kumene tinakapempha kalatayo, amene tinamupeza anatifunsa kuti, "Nanga nambala ya munthuyo ili kuti?" Titafotokoza kuti nambalayo ndiyo tikuifuna, anatiuza kuti tibwere tsiku lina. Tinabwerera kunyumba titatha ndalama za kabaza ziwiri, dzuwa lonse benchi lili chitsekere.

Sindinama, ndinakwera phiri kubwerera kusukulu mtima uli phuluphulu. Ndinali nditatsimikiza kulemba nkhani yopempha boma kuti liletse kotheratu kubisa nambala, ndiponso kuti aliyense wovutitsidwa azingopita ku kampani ndi kukauzidwa dzina la womuvutitsayo pompopompo. Koma kuno tilibe lamya m'matumba, ndiye timakhala ndi nthawi yambiri yoganiza. Nkhani imene mukuwerengayi si imene ndinaganiza kulemba poyamba.

Choyamba chimene ndinaphunzira ndi chakuti nambala yobisika siibisika kwa onse. Munthu akayamba ndi #31# asanalembe nambala imene akuyimbira, kapena akasintha m'kati mwa lamya yake, amangopempha makina a kampani kuti asaonetse nambala yake kwa wolandirayo. Makinawo akudziwa zonse: nambala yoyimba, nambala yoyimbiridwa, nthawi, kutalika kwa kucheza, ndi nsanja imene inanyamula mawuwo. Akudziwanso nambala ya lamya yeniyeniyo, ija ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene mungaione pa lamya yanu mukalemba *#06#. Kampani singalephere kusunga zimenezi, pakuti ndi momwe imawerengera mayunitsi. Choncho nsanja zazitali zimene timaziona pamwamba pa mapiri zija zimamudziwa bwino lomwe munthu wovutitsa achemwali anga. Funso lenileni silakuti kodi angapezeke, koma lakuti ndani ali ndi ufulu womupeza, ndipo adutse khomo liti.

Apa ndi pamene mwambi wa makolo athu unandifikira: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe alipodi, ndipo ndikufuna afe. Koma mkhate umene wakhalapowo ndi wathu tonse, ndipo tinaupeza movutikira.

Achinyamata a msinkhu wanga tinabadwa lamya ili kale m'thumba mwa aliyense, choncho sitidziwa mantha amene makolo athu anali nawo. Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma nthawi imene Zomba linali likulu la dziko, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Iwo amasimba kuti masiku amenewo lamya zinali m'maofesi, ku positi ofesi ndi m'nyumba za mabwana basi, ndipo poyimba kutali umadzera kwa munthu wolumikiza mawaya amene amadziwa kuti wakuti akulankhula ndi wakuti. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi anthu amakhulupirira kuti lamya ili ndi makutu atatu, ako, a mnzako, ndi a boma. Umalankhula za mvula ndi za chimanga, zina zonse umadikira kuti mukaonane maso ndi maso. Mu 1987 mphunzitsi wa pa Chancellor College, mlakatuli Jack Mapanje, anagwidwa mu mzinda wathu uno natsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ophunzira a pa Chancellor College anaguba m'misewu ya Zomba kuivomereza, ndipo miyezi yotsatira makalata opanda maina anali kuyenda m'dziko muno pa makina a fakisi ndi a fotokope. Ambiri anamangidwa chifukwa chopezeka ndi mapepala otero. Akanati aliyense wolemba kapena wotumiza adziwike dzina, sindikudziwa ngati riferendamu ya mu 1993 ikanachitika nthawi imene inachitikayo.

Nchifukwa chake olemba malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 anaikamo gawo 21, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula mwachindunji kuti makalata ndi mauthenga a pa lamya asasokonezedwe. Anthu amene analemba gawo limenelo anali ataona ndi maso awo chimene chimachitika pamene ufuluwo palibe. Mkhate ndi umenewo.

Ndipo si za ndale zokha. Mu mzinda wa Zomba momwe muno muli likulu la bungwe la YONECO, limene limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndi ya 5600 ya nkhanza za m'banja ndi zina zotero. Mtsikana wa Sitandade 7 amene amalume ake akumugwiririra, kodi angayimbe atadziwa kuti mawa dzina lake lidzakhala pakamwa pa mudzi wonse? Mnansi amene akumva kulira kwa mayi woyandikana naye nyumba usiku uliwonse, kodi angayimbe 997 atadziwa kuti bambo womenyayo akhoza kupita ku kampani ndi kukafunsa kuti anandinenera ndani? Kalaliki amene waona bwana wake akulandira chiphuphu sangauze bungwe la ACB pokhapokha atakhulupirira kuti ntchito yake siithera pomwepo. Pali anthu ambiri amene amalankhula choonadi pokhapokha nkhope yawo ikabisika, ndipo sindiwaweruza. Mlenje wanzeru saonetsa mfuti kwa nyalugwe.

Chimene chinandisintha maganizo kwambiri ndi pamene ndinalingalira za lamulo langa lija, lakuti wodandaula aliyense azipatsidwa dzina pa kauntala. Ndinadzifunsa kuti ndani angakhale woyamba pamzere. Mwina achemwali anga. Koma pambuyo pawo pangaime mwamuna amene mkazi wake anathawa nkhanza nakabisala kwa abale ku Thondwe kapena ku Songani. Mkaziyo wayimba ndi nambala yobisika kuti amve za ana. Mwamunayo angofika pa kauntala ndi nkhope yachisoni, nati akuvutitsidwa ndi nambala yachilendo. Kalaliki wa kampani angasiyanitse bwanji misozi yeniyeni ndi ya ng'ona? Munthu amene anatikaniza dzina tsiku lija, amene ndinamukwiyira njira yonse, anachita zoyenera. Cholakwa sichinali pa khomo limene anatitsekera, koma pa khomo lachiwiri limene limayenera kutseguka ndipo silinatseguke.

Mkangano umenewu si wa ku Malawi kokha, ndipo si wa lero. Ku America makina oonetsa nambala ya woyimba anayamba kugulitsidwa kwa anthu wamba mu 1987 m'chigawo cha New Jersey. Kampani imati zimenezi zithetsa lamya zotukwana, pakuti wotukwana adzaopa kudziwika. Koma amene anatsutsa kwambiri anali oyang'anira nyumba zobisalamo amayi othawa nkhanza, pamodzi ndi apolisi ofufuza mwachinsinsi ndi alangizi amene amayimbira odwala ali kunyumba kwawo. Mu 1990 khoti lina la m'chigawo cha Pennsylvania linagamula kuti makinawo akuphwanya lamulo la m'chigawomo loletsa kutchera khutu pa lamya za ena, ndipo ku California anthu anadikira mpaka 1996 kuti awagwiritse ntchito. Mapeto ake sanasankhe mbali imodzi. Woyimba anapatsidwa *67 yobisira nambala yake. Wolandira anapatsidwa njira yokanira lamya zonse zobisa nambala. Ndipo wovutitsidwa anapatsidwa *57: ukangolandira lamya yoipa, umadula ndi kulemba nambala imeneyi, makina amasunga nambala ya woyimbayo, koma saipereka kwa iwe, amaisungira apolisi. Ku Britain zinthu zofanana nazo zinabwera mu 1994, pamene 1471 inayamba kuuza munthu nambala imene yamuyimbira komaliza, ndipo 141 inalola woyimba kubisa yake. Maiko a mu mgwirizano wa European Union anazilemba m'lamulo la mu 2002: woyimba abise kwaulere, wolandira akane ngati afuna, kampani ichotse chobisacho kwa kanthawi pamene wina wapempha kuti afufuze lamya zomuvutitsa, ndipo a ambulansi, ozimitsa moto ndi apolisi aziona nambala nthawi zonse.

Nzeru ya *57 ija ndiyo yandikhalira m'mutu. Imapatsa wovutitsidwa chochita usiku womwewo, ali pa mphasa pake, popanda kabaza, koma siimupatsa dzina loti akabwezere kapena kusaka nalo munthu. Khoswe wagwidwa mchira, mkhate uli wamphumphu.

Nanga kwathu kuno tili pati? Pa pepala sitili m'mbuyo ayi. Lamya za m'manja zinafika mu 1995 ndi kampani ya TNM, ndipo Celtel, imene inadzakhala Zain kenaka Airtel, inatsatira mu 1999. Bungwe la MACRA loyang'anira za mauthenga linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Mu 2016 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 86 la lamulolo limati munthu wopitiriza kutumiza zolaula kapena kuopseza mnzake kudzera pa makina akhoza kulipira K2,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Gawo 87 limakhudza amene amasokoneza mtendere wa mnzake mwadala ndi mobwerezabwereza popanda nkhani yeniyeni, ngakhale asalankhule kanthu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Nditawerenga zimenezi ndinadabwa, pakuti zinali ngati olembawo anali nafe m'nyumba usiku uja. Ngakhale kupuma chabe kuja ndi mlandu.

Chaka chomwecho cha 2016 kunabwera lamulo latsopano la za mauthenga limene linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe. Mu 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 makolo athu anaima pa mizere italiitali kulembetsa manambala awo tsiku la 30 Sepitembala lisanakwane. Tinauzidwa kuti kuyambira pamenepo palibe adzabisale kuseri kwa lamya. Mwa njira ina, Mmalawi aliyense anapereka kale gawo la chinsinsi chake ku boma ndi ku makampani, posinthana ndi lonjezo la chitetezo.

Kodi lonjezolo linakwaniritsidwa? Ife a ku Zomba tili ndi yankho pakhomo pathu penipeni. Pamsewu waukulu wopita ku Blantyre pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa mu 1935. M'zaka zotsatira kalembera uja, apolisi ndi akuluakulu ena ananena poyera kangapo konse kuti ambiri mwa mauthenga ndi lamya zobera anthu ndalama za pa foni zimachokera m'kati mwa mpanda umenewo. Ndani mwa inu sanalandirepo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena lamya yakuti mwana wanu wadwala kusukulu, kapena yakuti katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa pa chipata cha Mwanza? Makolo a ena mwa ife anataya ndalama za fizi mwa njira yotere. Onani tsono chodabwitsa chake: akubawa sabisa nambala konse. Nambala imaoneka bwinobwino, yolembetsedwa, yokhala ndi dzina. Koma dzinalo ndi la gogo wina wa kumudzi amene anapereka chiphaso chake kwa munthu womulonjeza makuponi a feteleza, kapena la munthu amene anamwalira kale. Ngati munthu wotsekeredwa m'ndende yotetezedwa kwambiri m'dziko muno angathe kuyimba lamya ndi dzina la wina, ndiye kuti kuletsa #31# sikungathandize achemwali anga. Wowavutitsayo angangogula simu khadi ya dzina la wina pa mtengo wa mbale ya chipisi. Amene angavulale ndi chiletsocho ndi anthu oona mtima okha, amene amabisa nambala pa zifukwa zabwino ndipo sadziwa njira zachinyengo.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena, ngakhale ena sachikonda. Lamulo la mu 2016 lija limathamanga kwambiri pamene wodandaula ndi wamkulu. Mu 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa pa mlandu wa gawo 86 chifukwa cha mawu amene analemba pa WhatsApp onena za mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo. Mu Epulo chaka chomwecho mtolankhani Gregory Gondwe anagwidwa ndi apolisi ku Blantyre, namulanda lamya ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma. Sindikuweruza milandu imeneyi pano. Ndikungoona kuti luso lofufuzira lilipo, ndipo likafunika limapezeka tsiku lomwelo. Mayi wogulitsa kaunjika ndiye amauzidwa kuti abwere mawa. Nchifukwa chake anthu ambiri anachita mantha pamene MACRA inagula makina otchedwa CIRMS mu 2010, amene anthu anawapatsa dzina lakuti makina a ukazitape. Bungwelo limati cholinga chake ndi kuona ngati makampani akupereka ntchito yabwino ndi kulipira zoyenera, ndipo nkhaniyo inakafika mpaka ku khoti lalikulu la apilo, limene mu 2014 linalola kuti makinawo agwiritsidwe ntchito. Kaya mantha aja anali oyenera kaya ayi, anachokera pa chinthu chenicheni: Amalawi akukumbukira kuti makutu a boma akakula, sayamba ndi kumvera osauka.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ufulu wobisa nambala ukhalepo, usachotsedwe. Koma ufulu umenewo ndi wobisala kwa munthu amene ukumuyimbira, osati kwa lamulo. Ukagogoda pakhomo la munthu usiku utaphimba nkhope, mwini nyumba ali ndi ufulu wosatsegula, ndipo ukayamba kugenda malata ake, mfumu ili ndi ufulu wokuvula chophimbacho. Makampani athu a lamya apereke kwaulere njira yakuti munthu akane lamya zonse zobisa nambala, yogwira ntchito ngakhale pa timafoni tating'ono ta mabatani timene anthu ambiri ali nato, osati pa lamya zodula zokha. Aperekenso nambala yaifupi yonga *57 ija, yoti wovutitsidwa alembe akangodula, ndipo alandire uthenga wokhala ndi nambala ya dandaulo lake. Ndi uthenga umenewo m'manja, funso lakuti nambala ya munthuyo ili kuti silingabwerenso.

Dzina la woyimbayo lizituluka pa chilolezo cha majisitireti basi, ndipo lizipita kwa wofufuza mlandu, osati kwa wodandaula. Ena adzati khoti limachedwetsa zinthu. Zoona, koma mankhwala a kuchedwa ndi kuika malire a masiku, osati kuchotsa woweruza. Nthambi za Victim Support Unit zimene zili m'mapolisi athu zikhoza kukhala ndi fomu imodzi yodziwika, yoti ikadzazidwa ifike kwa majisitireti ndi ku kampani m'sabata imodzi. Ndipo aliyense wa ku kampani kapena wa kupolisi amene watsegula mbiri ya lamya ya munthu azisiya dzina lake m'kaundula, kuti tsiku lina akafunsidwe chifukwa chake. Timamva mphekesera za anthu amene amapeza mndandanda wa lamya za mkazi kapena mwamuna wawo kudzera mwa mnzawo wogwira ntchito m'kati. Ngati zimenezo zimachitikadi, ndiye kuti khomo lakumaso ndi lokhoma pamene lakuseri lili pululu. Lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 ndipo linapatsa MACRA udindo woliyang'anira, liyenera kuonetsa mano ake pamenepa.

Za kalembera wa simu khadi ndingonena mwachidule: munthu aliyense azitha kuona mosavuta manambala onse olembetsedwa pa chiphaso chake ndi kufufutitsa amene sakuwadziwa, ndipo wogulitsa amene walembetsa nambala pa chiphaso cha mwini wake palibe alandidwe ntchitoyo.

Mnzanga wina wa Fomu 4 atamva nkhaniyi anandiseka, nati zonsezi ndi zachikale, pakuti pali Truecaller imene imakuuza dzina la woyimba. Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene pulogalamu ya ku Sweden imeneyi imatenga mainawo. Ambiri mwa iwo anachokera m'mabuku a manambala a anthu amene anailowetsa m'lamya zawo. Ndiye kuti dzina lako likhoza kukhalamo iwe usanavomere, lolembedwa monga momwe wina anakusungira, kaya ndi dzina laulemu kaya lachipongwe. Kuwonjezera apo siingakuuze kanthu za nambala yobisika, pakuti lamya yako siinalandire nambala yoti ifufuzidwe. Chimene chingathandize pang'ono ndi njira imene WhatsApp inabweretsa mu 2023 yoletsa kulira kwa lamya zochokera kwa anthu osawadziwa, koma achemwali anga, amene moyo wawo umadalira makasitomala atsopano, sangaigwiritse ntchito. Chimodzimodzinso abambo athu a m'maparishi ndi anamwino: lamya yachilendo ya pakati pa usiku ikhoza kukhala ya munthu amene ali kayakaya. Kukana lamya ndi mwayi wa anthu amene palibe akuwadalira.

Sindingatsirize osalankhula ndi anzanga a msinkhu wanga, pakuti wovutitsa achemwali anga si chilombo cha m'nkhalango ya pa Chingwe's Hole. Ndi mwana wa munthu, mwina analeredwa bwino ngati ife. Tikapita ku tchuthi lamya zimabwerera m'manja mwathu, ndipo tikudziwa zimene zimachitika. Wina amapempha nambala ya mtsikana kwa mnzake mtsikanayo osadziwa. Amaflasha kasanu, kakhumi, usiku. Akakanidwa amabwereka lamya ya wina, kapena kubisa nambala kuti ayankhidwe. Pakati pathu timazitcha zocheza, timasekerera, timatinso mnyamata ndi wolimbikira. Ine ndinaona mbali inayo ya masewera amenewa: mayi wa ana awiri atakhala tsonga pa mphasa 2 koloko ya usiku, akumvetsera ngati kunja kuli mapazi. Munthu akakuuza kuti usayimbenso, lamya yotsatirayo yalowa kale m'gawo 87.

Kwa inu makolo athu, pempho langa ndi limodzi. Mwana wanu wamkazi akakuuzani kuti wina akumuvutitsa pa lamya, funso loyamba lisakhale lakuti unamupatsiranji nambala. Achemwali anga anakhala chete miyezi iwiri chifukwa choopa funso limeneli, makamaka kuchokera kwa apongozi awo, poti mwamuna ali kutali ndipo anthu sachedwa kulumikiza nkhani. Nambala ya munthu masiku ano ili paliponse: pa chikwangwani cha benchi, m'kaundula wa banki m'khonde, m'buku la alendo pa geti ya ofesi, kwa wothandizira kutumiza ndalama, m'magulu a WhatsApp a mpingo ndi a sukulu. Kulanda mwana lamya ndi kulanga wolakwiridwa, ndipo kumamuphunzitsa kuti ulendo wina adzabise.

Ndisanabwerere kuno ndinawagulira achemwali kope la masamba 40. Tinajambula mizere inayi: tsiku, nthawi, mphindi, ndi zimene wanena. Tinagwirizana kuti asamamuyankhe kanthu, asamatukwane, angolemba. Tinapitanso kachiwiri kumene anatiuza kuti tibwere tsiku lina kuja, nthawi ino tili ndi kopelo ndi manambala a magawo a lamulo olembedwa pachikuto, ndipo tinapeza mayi wina amene anatimvetsera mpaka kumapeto, nalemba zonse, natipatsa nambala ya dandaulo. Amayi atabwera kudzandiona mwezi wathawu anandiuza kuti kalata yopita ku kampani inalembedwa, yankho likudikiridwa. Lamya zija zachepa koma sizinathe. Kopelo lafika pa tsamba 11.